Sitovu ya nkhuni ya cast iron kuno ku UK: kuyiika, kukoleza ndi kuyisamala

Ine ndinakulira pa moto wa mafuwa atatu, ndiye tsiku lomwe tinasamukira m'nyumba yakale yamiyala kuno kumpoto kwa England nkupeza kuti pabalaza pali malo a moto ndi chumuni chake, ndinangoti apa ndiye tafika, bilu ya gasi itsika basi, moto ndi moto. Ndinadzinamiza abale anga. Ife amene tinayamba kusonkha moto tisanayambe sitandade 1 ndi amene timalakwitsa kwambiri pa sitovu izi chifukwa sitifunsa, timaona ngati tikudziwa kale. Kumudzi utsi umatulukira m'denga la udzu ndi m'mipata ya chitseko, kuno nyumba ndi yotsekeka ngati botolo, mawindo a magalasi awiriawiri, ndiye chilichonse chomwe sichinatulukire ku chumuni mukupuma ndinu ndi ana anu. Ndikuyalirani mmene zimayendera kuyambira musanagule mpaka winta itatha.

Musanatulutse ndalama iliyonse, yambani ndi chilolezo. Ngati nyumba ndi ya lenti, landilodi avomere ndipo avomere polemba, osati zapakamwa pafoni. Kenako funsani ku khonsolo yanu ngati dera lanu ndi smoke control area, kutanthauza dera lomwe lamulo limaletsa machumuni kufuka utsi. Matauni ambiri akuluakulu ali mmenemo, ndipo zimenezi zinachokera kutali, mu Disembala 1952 utsi wa malasha unakuta mzinda wa London masiku angapo anthu masauzande nkumwalira, ndiye mu 1956 anakhazikitsa lamulo la Clean Air Act. Ngati muli m'dera lotere, nkhuni mungayatse pokhapokha sitovu yanu ili pa mndandanda wa zovomerezeka, pogulitsa amalemba kuti DEFRA exempt (DEFRA ndi unduna wa boma woona za chilengedwe). Ku England chumuni chanu chikamafuka utsi wambiri m'dera limeneli khonsolo itha kukulipiritsani pakati pa £175 ndi £300. Komanso kuyambira Januwale 2022 sitovu zatsopano zogulitsidwa zimayenera kukhala za muyezo wochepetsa utsi wotchedwa Ecodesign. Za kaunjika zilipo zambiri pa Facebook Marketplace ndipo zimakopa ndi mtengo, koma pitani ndi tochi, muunike mkati ndi m'makona monse, cast iron (chitsulo chomwe amachisungunula nkuthira m'chikombole) ikang'aluka kuwotcherera kwake nkovuta ndipo nthawi zambiri ndi ndalama yotaya.

Chachiwiri ndi saizi, ndipo apa ndi pomwe mtima wathu wofuna chachikulu umatipweteka. Yezani chipinda, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi kuchulukitsa ndi kutalika kwa khoma, mumamita, yankho lake mugawe ndi 14, zomwe mupeze ndi mphamvu ya sitovu yomwe mukufunika mu ma kilowatt (kW). Balaza la mamita 5 kwa 4, denga lili pa 2.4, zikupatsani 48, kugawa ndi 14 ndi 3.4, ndiye sitovu ya 4kW kapena 5kW yakwana. Mukagula ya 8kW m'chipinda chotere muzitentheka mpaka kuvula malaya, kenako muzitseka mpweya kuti moto uchepe, moto wotsamwitsidwa umafuka, utsiwo nkumamata phula m'chumuni. Bola yaing'ono yoyaka mwamphamvu kusiyana ndi chimphona chongonyeka. Ndipo yoposa 5kW imafuna bowo lolowetsa mpweya kuchokera panja lomwe silitsekedwa, nyumba zatsopano zotsekeka kwambiri zimafuna bowolo ngakhale sitovu ikhale yaing'ono. Za cast iron yo, imasiyana ndi ya chitsulo wamba chifukwa imachedwa kutentha koma ikatentha imasunga, moto utazima kale iyo ikadali kutulutsa kutentha, ngati mphika wadothi umapitiriza kubwata utautula pamoto. Koma ndi yolemera zedi, yaing'ono yomwe imatha kufika makilogalamu 80, musayerekeze kunyamula nokha, itanani anzanu awiri muwaphikire nsima.

Tsopano chumuni. Ndinene mosabisa, pa ntchito yonseyi chumuni ndi chomwe chili chofunika kuposa sitovu yeniyeniyo. Sitovu ndi bokosi chabe, chomwe chimakoka mpweya kuti moto uyake ndi chumuni, utsi wotentha ukamakwera umakokera mpweya watsopano m'bokosimo. Ndiye ngati nyumba ili ndi chumuni chakale chanjerwa, itanani wosesa machumuni ayambe wasesa ndi kuyesa ndi utsi ngati sichikudontha. Zakale zambiri zimakhala zong'aluka mkati, utsi umatha kutulukira kuchipinda chogona cha pamwamba inu osadziwa, china mumapeza mbalame zinamangamo chisa chodzadza ndowa. Nthawi zambiri amalowetsamo paipi yopindika ya stainless steel yotchedwa liner kuchokera pamwamba mpaka pa sitovu. Kukula kwake m'mimba ndi mamilimita 150, kapena 125 ngati sitovu ndi DEFRA exempt ndipo opanga anavomereza, osachepetsa kuposa kukamwa kwa sitovu. Kutalika konse kukhale mamita 4.5 kapena kuposa, chachifupi sichikoka bwino. Pamwamba aikepo kachipewa kotchinga mvula ndi mbalame, pansi atseke ndi chitsulo chafulati kuti kutentha kusathawire m'chumuni chakalecho. Ngati mulibe chumuni nkomwe, pali mapaipi a makoma awiri okhala ndi zotchinga kutentha pakati, amatha kuboola khoma kapena denga, koma zimenezo mtengo umakwera.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu manja anu ndi aluso, munamangapo nyumba kumudzi, mukuganiza zoika nokha. Ku England ndi Wales ntchitoyi ili pansi pa malamulo a zomangamanga, gawo lotchedwa Part J, ndiye pali njira ziwiri: kulemba munthu wolembetsedwa ku HETAS, bungwe lovomereza akatswiri oika masitovu, yemwe amatha kusainira ntchito yake nkukupatsani satifiketi, kapena kuika nokha koma mutadziwitsa a building control ku khonsolo musanayambe, nkulipira kuti abwere adzayendere. Ku Scotland malamulo ake ndi ena, funsani khonsolo ya komweko. Satifiketiyo isungeni pamodzi ndi mapasipoti, chifukwa nyumba ikadzapsa a inshulansi adzayamba kufunsa imeneyo, ndipo pogulitsa nyumba maloya amayifunanso. A inshulansi auzeninso kuti mwaika sitovu.

Pokhala sitovu pasakhale pa kapeti kapena pa matabwa, pamafunika mwala, matailosi, galasi lolimba kapena simenti. Ngati sitovu inayesedwa kuti pansi pake sipatentha kupitirira madigiri 100, chokhalira cha mamilimita 12 chikwana, apo ayi pamafunika konkire yochindikala mamilimita 125 kapena kuposa. Chokhaliracho chituluke mamilimita 225 kutsogolo kwa chitseko cha sitovu ndi 150 m'mbali, ine ndimati onjezerani kutsogoloko, khala likagwa siligwa mwaulemu, limagubuduka. Paipi yakuda yochoka pa sitovu italikirane ndi chilichonse choyaka katatu kukula kwake, ya 150 ndiye kuti mamilimita 450 kuchoka pa thabwa lililonse. Sitovu yeniyeniyo mtunda wake kuchoka ku khoma, sofa ndi makatani uli m'kabuku kake, mitundu imasiyana, werengani musataye. TV pamwamba pa sitovu ndimangoona anthu akupachika koma ine sindingayerekeze.

Alamu ya carbon monoxide ndi lamulo, koma ngakhale likanapanda kukhala lamulo ikanafunikabe. Tonse tinamvapo za anthu kwathu omwe analowetsa mbaula ya makala m'nyumba mu Juni kapena Julayi nkutseka mawindo, m'mawa osadzuka. Mpweya wake ndi womwewu, sununkha, suoneka, umangoyamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo. Alamu ikhale m'chipinda momwe muli sitovu, pakati pa mita imodzi ndi mamita atatu kuchoka pa sitovu, m'mwamba pakhoma kapena kudenga, osati kuseli kwa katani. Muzidina batani lake kawirikawiri kuti mumve ngati ikulira, ndipo onani deti yothera ntchito yolembedwa kumbuyo. Ikalira zenizeni tsegulani zitseko, tulukani nonse, osayatsanso mpaka munthu wodziwa ataona. Chinanso chomwe ambiri sadziwa, fani yokoka utsi ya kukhitchini imatha kulimbana ndi chumuni nkukokera utsi m'nyumba, makamaka ngati khitchini ndi balaza zili pamodzi, woika sitovu ayese zimenezi fani ili yoyatsa asanachoke.

Yaikidwa, yawala, mtima ukufuna kusonkha chimoto cha pamaliro. Dikirani. Cast iron yatsopano imafuna kuzolowetsedwa. Moto woyamba ukhale wa tinkhuni tochepa, uyake kanthawi nkuusiya uzime, sitovu izizire yokha mpaka kuzizira. Wachiwiri wokulirapo pang'ono, wachitatu chimodzimodzi, mpaka kanayi kapena kasanu. Chitsulochi chimafufuma chikatentha ndipo simenti ya m'malumikizano imafunika kuuma pang'onopang'ono, mukachidzidzimutsa chimang'aluka. Penti nayo imakhala ikupsa kuti ilimbe ndiye kumanunkha ndi kautsi kotuwa, musaope koma tsegulani mawindo, ana ndi a asima akhale kwina, ndipo musakhudze penti nthawi imeneyi imakhala yofewa.

Nkhuni. Apa ndikhalitsapo chifukwa mavuto ambiri omwe anthu amanamizira sitovu amachokera pa nkhuni. Mtengo wongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauponya m'sitovu moto umayamba waphika madziwo, kutentha konse kumathera pamenepo, mumangomva fyiii kumapeto kwa chikuni kukutuluka thovu, galasi nkuda bii. Zofunika ndi nkhuni zomwe chinyontho chake chili pa 20 pelesenti kapena kutsika. Ku England kuyambira Meyi 2021 wogulitsa nkhuni zochepera ma cubic mita awiri amayenera kugulitsa zouma, zokhala ndi chizindikiro cha Ready to Burn. Koma winta yathu yoyamba ine ndinagula kwa bambo wina wa kavani yemwe analumbira kuti zauma chaka chathunthu, zotchipa, ndinasangalala. Mwezi wonse tinkangopemerera moto ngati tili kudambwe, nyumba osatentha, mayi akunyumba akundiyang'ana ndi diso lija. Kuyambira pamenepo ndinagula kamakina koyezera chinyontho, kali ndi timano tiwiri, nkotchipa. Kayezedwe kake musabaye kunja, wazani chikuni pakati mubaye pomwe mwawaza kumenepo, kunja kumanama. Njira yakwathu imagwiranso, menyanitsani zikuni ziwiri, zouma zimalira kuti ngwee, zaziwisi zimangoti phu.

Mitengo ya kuno yomwe imayaka bwino ndi ash, beech, birch ndi oak. Oak imasunga makala nthawi yaitali ngati tsanya koma kuuma kwake ndi zaka ziwiri kapena kuposa. Birch imagwira msanga. Paini akauma bwino alibe vuto, amangotha msanga, ndi wabwino poyatsira. Ngati mukuumitsa nokha, wazani kaye, sanjani pa chinthu chokwera kuti zisagunde dothi, pamwamba pofolera koma m'mbali mosatseka kuti mphepo idutse, mukakulunga mulu wonse ndi pulasitiki zimangochita nkhungu. Ndipo sitovu si dzala. Matabwa opentedwa, a mpanda omwe anathiridwa mankhwala, zidutswa za mipando ya MDF (matabwa a utuchi wopanikizidwa ndi guluu), mapulasitiki, matewera, zonsezo ayi, utsi wake ndi poizoni ndipo umadya liner. Palafini kapena petulo poyatsa musayese nkomwe, chizolowezi chimenecho chisiyeni pa eyapoti. Malasha nawo ayi ngati sitovu yanu ndi ya nkhuni zokha.

Kukoleza kwake kunandisokoneza poyamba chifukwa ndi chadodolido. Ife tinazolowera udzu ndi tinkhuni pansi, zikuni pamwamba. Apa ikani zikuni ziwiri zokulirapo pansi, pamwamba pake sanjani tinkhuni towaza topyapyala mopingasa ngati mukumanga khola, mizere iwiri kapena itatu, kenako firelighter, kachidutswa koyatsira moto kogula m'shopu, pamwamba penipeni. Tsegulani mpweya wonse, yatsani pamwambapo. Moto umatsika wokha, ndipo chifukwa lawi lili pamwamba chumuni chimatentha msanga nkuyamba kukoka, utsi wochoka pansi umapsa podutsa m'lawimo. Chitseko mutha kuchisiya chotsekuka pang'ono ngati chala kwa mphindi zochepa zoyamba, koma muli pomwepo, osati mwapita kukasamba. Tsiku lozizira kwambiri mpweya wozizira umakhala utatsamira m'chumuni ndipo utsi umabwerera, ndiye yambani mwayatsa firelighter imodzi yokha kapena nyuzipepala yopota pafupi ndi pokwerera utsi kuti njira itseguke.

Moto ukagwira tsekani chitseko. Sitovu zambiri zili ndi zotsegulira mpweya ziwiri, yapansi ndi yapamwamba. Nkhuni zimakonda mpweya wochokera pamwamba, ndiye yapansi itsekeni moto ukakhazikika, muziwongolera ndi yapamwamba, yomwenso imatsitsa mpweya pagalasi kuti lisade. Gulani kathemometa ka maginito komata pa paipi, muzionetsetsa kuti muli cha pakati pa madigiri 150 ndi 250. Kutsika apo mukupanga phula, kukwera kwambiri mukupsereza sitovu, zitsulo zamkati zimapindika. Lawi labwino ndi lowala, lovina pang'onopang'ono, ndipo mukatuluka panja kuyang'ana chumuni musaone utsi wakuda, muzingoona ngati mpweya ukunjenjemera. Powonjezera nkhuni dikirani malawi atsike patsale makala ofiira, tsegulani mpweya, tsegulani chitseko pang'onopang'ono kuti utsi usakutsatireni, ikani chikuni chimodzi kapena ziwiri basi, zigwire kaye ndiye muchepetse mpweya. Valani gulovesi, chogwirira chimaotcha. Zodzadza sitovu usiku nkutseka mpweya wonse kuti m'mawa mupeze moto, ngati chikuni cha agogo chogona m'phulusa, ndikudziwa zimakoma koma ndi zomwe zimadzadza phula m'chumuni. Ngati muli ndi ana aang'ono ikani kampanda kachitsulo kuzungulira, sitovu siioneka kuti ikuotcha ngati mmene moto wapoyera umaonekera, mwana amangoyitsamira.

Pamwamba pake ngati ndi pafulati ketulo imawira bwinobwino, nyemba zimapsa mofatsa tsiku lonse popanda bilu, mbatata yokulunga mu foyilo pambali pa makala ndiye musanene. Nsima ndinayesapo magetsi atazima, inapsa koma kuvundula mutawerama pa chitsulo chotentha si masewera. Chomwe muyenera kupewa ndi madzi ozizira kutayikira pa sitovu yotentha, ndipo musadzazimitse moto wa m'sitovu ndi madzi, cast iron imathetheka nthawi yomweyo.

Phulusa musamachotse lonse, nkhuni zimayaka bwino zitakhala pa phulusa lochindikala ngati masentimita awiri kapena atatu. Lochulukalo wolani ndi fosholo yachitsulo muike mu ndowa yachitsulo yokhala ndi chivindikiro, nkutulutsa panja nthawi yomweyo, kutali ndi khoma ndi mabini. Phulusa limabisa makala amoyo mpaka mawa lake ngakhale mkuja, ndipo ndowa ikakhala m'nyumba imatulutsa mpweya woipa uja. Likazizira ndithu, la nkhuni zoyera mutha kuwaza pang'ono kudimba. Galasi likada dikirani lizizire, nyowetsani nyuzipepala, igunditseni pa phulusa loyera lofewa nkupukuta, kenako ina youma, ngati mmene tinkatsukira mapoto kumudzi kungoti apa osakwecha ndi mchenga kapena sitiliwulu. Likamada tsiku ndi tsiku vuto si galasi, bwererani ku nkhani ya nkhuni ija.

Chumuni chisesedwe kosachepera kamodzi pachaka, ndipo ngati mumayatsa nkhuni tsiku lililonse kawiri, winta isanayambe ndi pakati pake kapena itangotha. Wosesa akupatseni kapepala kosonyeza kuti wasesa. Phula lomwe ndakhala ndikutchulali likachuluka limagwira moto m'chumuni momwemo, mumamva chiphokoso ngati ndege ikunyamuka, pamwamba pakutuluka malawi ndi zothetheka. Zikatero tsekani chitseko cha sitovu ndi mpweya wonse, tulutsani aliyense, imbani 999, ndipo ngakhale uzime wokha osayatsanso chumuni chisanayenderedwe.

Zina mutha kuona nokha sitovu ili yozizira. Kuzungulira chitseko kuli chingwe chosapsa chomwe chimatseka mpweya, chimaphwatalala ndi nthawi. Panikizani pepala ndi chitseko nkulikoka, likangosolokoka mosavuta chingwe chatha, gulani cha saizi yomweyo ndi guluu wake, chotsani chakale, palani mumsewu mwake, matani chatsopano, ntchito ya theka la ola. Njerwa zamkati zikachita mng'alu waung'ono zilibe kanthu, koma zikayamba kugumuka mpaka chitsulo kuonekera sinthani, ndipo poika nkhuni musamaponye, njerwazi ndi zofewa. Kumwamba mkati muli chitsulo kapena njerwa yopingasa yomwe imabweza lawi, muziitsitsa nthawi ndi nthawi nkuchotsa mwaye womwe umaunjikana pamwamba pake, ukachuluka umatseka njira ya utsi. Jambulani ndi foni musanachotse, kubwezera kwake kumazunguza mutu. Zomangira galasi musamange mwamphamvu, galasi limafuna mpata wofufumira.

Winta ikatha, cha mu Epulo kapena Meyi, chotsani phulusa lonse tsopano chifukwa likakhala miyezi limakoka chinyontho nkudyetsa chitsulo dzimbiri. Kunja pukutani ndi bulashi yofewa kapena nsalu youma, osati yonyowa. Pomwe pagwira dzimbiri kwechani pang'ono ndi bulashi yawaya, pukutani fumbi, thirani penti ya sitovu yopirira kutentha, penti wamba imangosupuka ndi kununkha. Timahinji ta chitseko tidontheze mafuta opirira kutentha pang'ono. Kenako siyani zotsegulira mpweya zili zotsegula kuti mphepo iziyenda m'chumuni chilimwe chonse. Wosesa muimbireni mu Julayi kapena Ogasiti, ikafika Okutobala aliyense amakhala akumufuna ndipo mudzadikira masabata mukunjenjemera, nkhuni nazonso gulani nthawi yomweyo zikadali zotsikirapo mtengo, musanje zipitirize kuuma.